Kadontho Kamene Kachipewa Ankakana

Kalasi yanga ndi yawo zinkalekanitsidwa ndi khoma losafika kudenga, ndiye chilichonse chonenedwa kwawoko chinkagwera kwanga. Zaka zonsezo ndinkaphunzitsa masamu uku m'makutu mukulira funso limodzimodzi: "Mpumiro uli kuti? Mwaudya?"

Dzina lawo linachokera pamenepo. Ana, makolo, ngakhale ahedi, onse ankangoti Mayi Mpumiro. Koma dzinali linali bodza lamkunkhuniza, pakuti mayiwa kupuma sankakudziwa. Mpando wawo unkangosunga chikwama. Ankazungulira pakati pa ana a sitandade wani, choko kumutu, choko pachigongono, kuwongola dzanja la uyu, kusongola pensulo ya uyo, kupukuta mamina a winayo. Tiyi wawo ankazizira pawindo mpaka nyerere kuchitirapo msonkhano. Ndisaname, ankanditopetsa. Ukawafunsa kanthu ankakuyankha ali kale pakhomo.

Chiganizo choyamba chimene ankaphunzitsa chinali chomwechomwecho chaka ndi chaka: Amayi apita. Mawu awiri, chala chimodzi pakati kuti mawuwo asagundane, kenako kadontho.

"Mukaika mpumiro ndiye kuti zatha," ankatero, uku akugogoda bolodi. "Mwatseka chitseko. Palibenso chobwera!"

Ankadzitama kuti palibe mwana amene anachoka m'manja mwawo osadziwa kutseka chiganizo. Ndiye m'teremu yawo yomaliza, atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, anakumana nako kamtsikana kena kamene anzake ankakatcha Kachipewa, chifukwa chipewa chake chaubweya sichinkachoka kumutu ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Kachipewa ankalemba bwino kuposa anzake onse. Chilembo chachikulu cha A chinkaima chilili, chala pakati sankaiwala. Koma akafika kumapeto ankaika pensulo pansi n'kupinda manja. Mayi Mpumiro anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa. Atamugwira dzanja kuti alembe limodzi, kadzanjako kanauma gwa. Tsiku lina anaika okha kadonthoko, mwanayo n'kunyowetsa chala ndi malovu, kufuta mpaka pepala kubooka.

Nthawi yopuma mayiwa ankabwera kwanga, osakhala pansi, kumangoyenda uku ndi uku.

"Aphunzitsi, ndichoke pano ndasiya chiganizo chili kukamwa yasa?"

"Zisiyeni mayi," ndinatero. "Aphunzitsi a sitandade thuu adzamaliza. Kadontho kamodzi kakusowetseni mtendere?"

Diso limene anandiponyera, ndinangomeza mawu otsalawo.

Sabata yotsekera, azakhali ake a mwanayo, amene ndi telala pafupi ndi sukulu, anabwera kudzamutenga, tepi ili m'khosi. Mayi Mpumiro anawatsekereza pakhonde n'kuwaonetsa pepala lobookalo. Ine ndinali pomwepo ndikukung'untha dasitala.

"Mwana wanuyu ndi wanzeru, koma makani! Taonani."

Azakhaliwo anawerenga mawu awiriwo, n'kutsitsa mawu. "Mayi ake anawatengera kuchipatala chachikulu teremu isanayambe. Zinthu sizili bwino kwenikweni. Chipewachi anamulukira ndi iwowo. M'mawa uliwonse amandifunsa ngati abwera lero."

Kwa nthawi yoyamba ndinawaona Mayi Mpumiro ataima malo amodzi. Ine manyazi anandigwira, chifukwa mawu aja akuti palibenso chobwera ndinkawamva tsiku ndi tsiku, koma sindinaganizepo kuti m'makutu mwa mwana amamveka bwanji.

M'mawa mwake kuseri kwa khoma kunali zii. Mtima unakana kukhazikika. Ndinasiyira ana anga samu pabolodi n'kukasuzumira pakhomo. Ndinapeza mayiwa atagwada pambali pa Kachipewa, mawondo okalambawo ali pasimenti.

"Mwanawe, ndinakuuza zoperewera," ankanena. "Tatchula bwinobwino dzinali. Mpu-mi-ro. Ndi popumira. Umakoka mpweya, kenako umayamba china ndi chilembo chachikulu. Ukufuna kunena chiyani chikatha ichi?"

Mwanayo anatola pensulo, n'kugunditsa papepala mwamantha, kadontho kosaoneka n'komwe. Anaika chala, n'kuyamba A wamkulu. Zilembo zinabwera chimodzichimodzi, lilime lili panja: Abwera

Anaimanso, n'kukweza maso.

"Apa ndiikenso?"

Mayi Mpumiro ankadziwa zimene azakhali aja ananena. Inenso ndinkadziwa.

"Apo pokha ika," anatero. "Udinde kwambiri."

Kachipewa anadinda ndi mphamvu zake zonse mpaka nsonga ya pensulo inathyoka. Mayiwa anadzuka movutikira, n'kupita kutsogolo. Anachotsa chikwama pampando paja n'kukhala pansi, nkhope ataiphimba ndi manja.

Ana onse anatembenukira kwa ine, pakuti anali asanawaonepo aphunzitsi awo atakhala. Ndinalowa, n'kutola pensulo yothyoka ija, ndi kuyamba kuisongola.