Lipenga la Maliro la aGashe Zerihun

Kwathu ku Dessie munthu akamwalira tinkamva kwa aGashe Zerihun. Bungwe lathu la maliro, lija timati idir, linawapatsa lipenga ine ndisanakwatiwe n'komwe. Kukamacha ankazungulira m'tinjira atafunda nsalu yawo yathonje, kuliza lipengalo, kenako kufuula dzina la malemu. Ukalimva unkasiya zonse, ngakhale mkate wathu wa injera ukupserera pamoto, n'kuthamangira kutenti ya maliro. Wojomba tinkamuuza poyera kuti tsiku lake adzadziika yekha.

Anali bambo wamfupi, wa chifuwa ngati mgolo, wanthabwala. Akazi awo, Emama Ayelech, sankawapatsa mpata.

"Amuna anzanu amabwera ndi nyama kunyumba, inu mumabwera ndi maliro!"

"Nanga amene amakaphika kumaliroko ndani? Si iwe?"

Sankanama. Panalibe maliro amene Emama Ayelech sanaphikeko tirigu ndi nandolo, ngakhale a munthu amene anayambana naye. Mayi anga atamwalira, ndi iwo anagona pambali panga mpaka tenti itapasulidwa.

Chaka china kunagwa chifuwa choopsa, chimene chinabwera ndi Wondimu, woyendetsa malole a ku Djibouti. Tinkati n'chimfine cha pamsewu, koma mnyamata wathanzi uja anapita akubanika. Lipenga linalira, tinasonkhana. Kunkazizira koopsa, choncho tinatseka tenti mbali zonse, n'kumalira titakolekerana m'makosi, khofi tikumwera m'timakapu totsukidwa m'beseni limodzi. Azaumoyo anadutsa ndi chimkuzamawu kuti tisamaunjikane. Ine ndemwe ndinawayankha. "Maliro osasonkhana? Wafayo ndi mbuzi?"

Sabata isanathe amayi ake a Wondimu anatsatira. Kenako wansembe amene anapempherera mtembo, kenako telala wa pakona ndi mkazi wake. Lipenga linayamba kulira m'mawa uliwonse. Abale inu, mantha! Munthu akangotsokomola pamsika, anthu ankamwazikana ngati nkhuku zaona kabawi. Ndinkadzuka n'kugwira pachipumi pa ana anga mmodzimmodzi, kenako n'kumvetsera kuti lero atchula ndani. Ena anayamba kukhotera njira ina akaona aGashe Zerihun, ngati imfayo ankaitenga m'thumba.

Nthabwala zinawathera. Tsiku lina anaima pachipata changa, lipenga lili m'khwapa.

"Tiruwork, mwana wanga, waona zimene ndaona ine? Amene ndikuwatchula sabata ino ndi amene anakhala kutsogolo m'tenti sabata yatha. Ndimaliza lipenga, anthu n'kubwera kudzatenga matenda."

"Aa, Gashe, musalankhule choncho. Imfa ndi ya Mulungu."

"Imfa ndi ya Mulungu, inde. Koma woitana anthu ndine."

Kenako Emama Ayelech anagwa nacho chifuwacho. Nyumba zathu n'zogundana khoma, ndiye zonse ndinkazimva: kutsokomola, kupuma kokoka ngati sowo, mwamuna wawo akuwanyengerera kuti amweko madzi. M'mawa wina kunangoti zii. Ndinadziwa. Ndinavala zakuda, ndinauza ana kuti lero adziphikira okha, n'kukhala pansi kudikira lipenga.

Dzuwa linakwera, lipenga osalira. Nditasuzumira panja ndinaona amuna ochepa ophimba kukamwa akutulutsa bokosi mwakachetechete ngati akuba. Mtima unandiwira. Ndinatuluka osavala ndi nsapato zomwe.

"Ima pomwepo!" anatero aGashe Zerihun, atatambasula dzanja. "Usayandikire kuno."

"Gashe, mwapenga? Mayi amene anaphikira maliro a Dessie yense, mukuwataya ngati galu? Lipenga lili kuti?"

"Lili m'nyumba."

"Ndiye lizani! Anthu akamva adzakutembererani mpaka kumanda."

"Anditemberere ali moyo. Ndikaliza mubwera nonse, ndipo iwe ukhala kutsogolo, ndikukudziwa. Ukufuna sabata yamawa ndidzafuule dzina lako ana ako akumva?"

Anafuna kuwonjezera mawu koma chifuwa chinawagwira, anawerama atatsamira chipata, mapewa akugwedezeka. Miyendo yanga inabwerera yokha m'mbuyo. Atapezako mpweya anandiyang'ana, maso ali psuu.

"Chimodzi chokha ndikupempha. Mulire uli pomwepo, mokweza. Asapite ngati analibe anthu."

Ndinadziguguda pachifuwa n'kuyamba kulira ndili ndekha pachipata changa, ndikutchula dzina la Emama Ayelech. Mayi wina anandiyankha kuseri kwa mpanda wake, kenako wina, mpaka mzere wonse wa nyumba unali kulira. Palibe amene anatsegula chipata. Bokosi linadutsa pakati pa mipanda yotseka, mwamuna wawo akutsatira pang'onopang'ono, akuima kuti apume.

Pakati pa kulirako ndinkamva anthu akutsokomola, uku ndi uku. Ndinasiya kulira kuti ndimvetsere bwino, chifukwa kwina kunkamveka pafupi kwambiri. Kunkachokera m'nyumba mwanga.