Mdala wa sefa kumtaya wa ku Makata

Pamtaya wakale, kuseri kwa mafakitale a ku Makata, pali bambo ena achikulire amene anthu aukhondo amati mutu wawo sukoka. N'zoonadi, pakuti munthu wanzeru zake amataya zinyalala n'kuthawapo, koma iwo amalawirira pomwepo ndi fosholo ndi sefa yawaya. Zitsulo amaunjika pazokha, mabotolo amalonga m'matumba, ndipo dothi lakuda logwa pansi pa sefa amagawira amayi olima masamba. Mukawaseka amangoti, “Mtaya ndi mgodi, kungoti palibe bwana anadzadulapo riboni.”

Atasefa zaka zitatu, ngodya imodzi inayera mpaka kumera msipu. Ndiye tsiku lina kunabwera akuluakulu a bungwe lina loona za chilengedwe, atavala masikipa ofanana ndi magolovesi atsopano, ati kudzayeretsa mtaya. Pamalo ponse ponunkhapo, maso awo anagwera ngodya yoyera ija. Mayi wonyamula kamera anawayandikira mdalawo.

“Agogo, tasunthirani uko pang'ono. Mukudetsa chithunzi.”

Anasuntha mwaulemu, chipewa chili m'manja. Akuluakulu aja anagwira mafosholo, anamwetulira, anamwa madzi ogula poziziritsa kukhosi pa ntchito yaikuluyo, n'kukwera magalimoto awo.

Fumbi litatsika, mdala anayamba kutola mabotolo ndi magolovesi amene anali mbwee pamsipupo. Amayi a masamba anali akung'ung'udza.

“Musawanyoze,” anatero mdala akutsegula thumba. “Alendo ena amabwera chimanjamanja. Awa andisiyirako katundu.”