Mbewu ya m'Chipanda

Mkazi wanga sankatsuka chipanda cha chambiko mpaka pansi. Ankasiyako pang'ono, n'kuthiramo mkaka watsopano womwe tinkagula kwa alimi a ng'ombe kuseri kwa esiteti ya tiyi. Kotsalako ankati ndi mbewu. Ndinkamuseka kuti ndi ulesi chabe, iye n'kumayankha kuti waulesi ndi amene amangodziwa kumwa.

Atamwalira ndinapitiriza ndine. Pochokera kothyola tiyi, m'nyumba munalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji, koma chipanda chinkandidikira. Zaka ziwiri mbewuyo sinafe m'manja mwanga. Ndikamamwa ndinkamva ngati mwiniwake wangopita kumjigo, abwera posachedwa.

Chaka cha kolera mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Limbe. Anachapa, anakolopa, ndipo ine ndili kumunda anatsuka chipanda ndi klorini uja ankagawa azaumoyo. Chinayera mbee. Mkaka womwe ndinathiramo unaola, madzi pamwamba, fungo lake ngakhale galu anakana.

Ndinamukalipira mawu oti sindingawabwereze pano. M'mawa mwake anakwera minibasi osatsanzika, ndipo anasiya kuimba foni.

Mlangizi wa zaumoyo pakiliniki anandifotokozera kuti mu mbewu muja munali tizilombo tabwino ta mitundu ingapo, tokhalira pamodzi. Tizilomboti timawawasitsa mkaka, ndiye toipa tija totsegula m'mimba timalephera kuswana. Klorini sasankha, anapha tonse, ndipo toyamba kulowa m'chipanda chopanda mwini tinali toipa. Anawonjezera kuti mwanayo sanalakwe kuopa kolera. Zimenezo ndinkazidziwa kale, kungoti ndine wouma mutu.

Kenako ndinakumbukira kuti malemu anagawirako mbewu mayi wina wa kwa Nsabwe, mnzake amene ankathyola naye tiyi mzere umodzi. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapita wapansi, kabotolo m'thumba.

"Ndi yomweyo, alamu," anatero mayiwo pondithirira. "Sindinaidulepo."

Patapita masiku awiri mkaka unagwira. Ndinalawa. Unali wabwino, koma wa nyumba ina, womveka utsi wa kukhitchini kwawo. Dzanja la mkazi wanga munalibemo. Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, kapu ili m'manja, ndipo ndinamusowa kuposa tsiku la maliro.

Ndiye ndinaimba foni ku Limbe. Mwana anayankha ndi mawu amantha.

"Mbewu ya amayi ako ndaipeza," ndinatero. "Ndi yomweyo. Ubwere udzamwe."