Kaseti ya woimba wamanzere

Adzukulu anga akamaonera akanema a magulu oimba pa mafoni awo, nthawi zina amandifunsa kuti ndiwauze amene ndikuona kuti ndi wabwino. Ndimayankha mwachidule, ndipo iwo amaganiza kuti ukalamba wandichotsera chidwi cha nyimbo. Si choncho ayi. Ndinalimbikitsapo munthu mmodzi kuonera kanema wa oimba, ndipo mpaka lero sindinaiwale mmene ndinachitira.

Zinachitika ku Namwera, m'zaka zimene othawa nkhondo ya ku Mozambiki anadzaza midzi ya m'malire. Ine ndinali mmodzi mwa akazi ochepa a kwathu amene anafika ku sekondale, chifukwa bambo anga, ngakhale anali Msilamu wolimbikira, anandilola kukaphunzira kwa amishoni. Choncho bungwe lina lothandiza othawa kwawo litabweretsa vidiyo, jenereta ndi katoni ya makaseti, linandipatsa ntchito yoti ndiziyamba ndaonera kaseti iliyonse ndekha, kenako ndisankhe zoonetsa amayi Loweruka masana ndi kuwamasulira. Tinkaonetsera m'chipinda cha sukulu, mazenera titawatchinga ndi masaka. Makaseti ambiri anali a kolera, zimbudzi ndi kaphikidwe ka phala la ana. Amayi ankaonera mwaulemu, koma tsiku lina wina anati, "Aphunzitsi, kodi m'bokosimo mulibe anthu osangalala? Sabata iliyonse tizingoona chimbudzi?"

Pakati pa amayiwo panali mayi wina wochokera kufupi ndi Mandimba, tsidya lina la Chiponde. Anafika ndi ana awiri ndi mpukutu wa zovala. Mwamuna wake anagwidwa ndi anthu a mfuti ali kumunda. Patapita zaka, anthu awiri amene anapulumuka analumbira kuti anamuona atagwa panjira ndipo sanadzukenso. Shehe anamva umboniwo, abale anachita sadaka popanda maliro, ndipo mayiyo anakhala eda, ndiyo miyezi imene mkazi wamasiye amabindikira asanaloledwe kukwatiwanso. Atamaliza, mlongo wanga wamng'ono, mlimi wa fodya amenenso anali atafedwa mkazi, anamufunsira. Ankhoswe anakumana, tsiku la ndowa, ndiwo ukwati wa Chisilamu, linaikidwa kuti likhale fodya akagulitsidwa, ndipo mayiyo anali atayamba kale kunditchula kuti alamu. Ndinkamukonda. Mlongo wanga anali atayambanso kumeta ndevu ndi kuseka.

Pofuna kuyankha dandaulo la amayi aja, ndinafufuza pansi pa katoni ndipo ndinapeza kaseti ya magulu oimba a m'matauni a kumpoto kwa Mozambiki, yojambulidwa ndi azungu. Ndinaionera ndekha Lachiwiri, ana atatuluka m'kalasi. Inali yokoma. Munali amayi ovina atavala mipango yofanana, munali mdala wong'ung'udza ndi bangwe, munalinso anyamata amene anapanga ng'oma ndi migolo. Kenako panabwera gulu la amuna anayi pansi pa mtengo wa mango, ndipo wachitatu wake anali ndi banjo ya chigubu cha mafuta, ataigwira chamanzere.

Ndinaimitsa kaseti. Mwamuna wa mayi uja ndinkamudziwa. Nkhondo isanakule tinkawoloka pa Chiponde kupita ku maukwati a abale, ndipo iye anaimbapo pa ukwati wa msuweni wanga. Anali wamanzere, koma sankasintha nsambo za banjo monga amachitira amanzere ena. Ankangoitembenuza, nsambo yaikulu n'kukhala pansi, ndipo poimba ankagoneka mutu paphewa ngati munthu womvetsera mwana ali kumsana. Munthu wa m'kanemayu ankachita chimodzimodzi. Anali wowonda, mano akutsogolo atachoka, koma mutuwo anaugoneka momwemo.

Ndinabweza kasetiyo kanayi. Dzina lake silinatchulidwe. Kumapeto, pamene amalemba chaka, panali chaka chotsatira sadaka ija. Ndinadziuza kuti azungu amatha kujambula lero n'kudzatulutsa kanema patapita zaka, choncho mwina anamujambula asanagwidwe. Koma mano aja anandikana. Pa ukwati wa msuweni wanga anali nawo onse.

Kwathu nkhani ya ukwati siyenda mwachisawawa. Mkazi sangadumphe akuluakulu n'kukauza wotomeredwa wa mlongo wake mawu amene angathetse ndowa. Njira yake ndi kudzera kwa mwinimbumba, ndipo wathu anali amalume, amenenso anali nkhoswe ya mlongo wanga. Ndinawapeza akusankha fodya m'shedi, ndinagwada chapatali, ndinafotokoza zonse.

Anamvetsera osasiya ntchito. Kenako anati, "Mphwanga, munthuyo wamugwira dzanja?"

"Ayi, amalume. Ndamuona m'kanema."

"Wakulonjera?"

"Ayi."

"Ndiye waona chithunzithunzi. Amuna awiri analumbira pamaso pa shehe. Iwe ukufuna ndikaime pamenepo ndinene kuti bokosi la jenereta likuwatsutsa? Amanzere ndi ambiri padziko. Mlongo wako wavutika mokwanira."

"Nanga ngati ali moyo, amalume, ndowayo idzakhala yotani pamaso pa Mulungu?"

Apa anaika fodya pansi. "Sukulu yako ija imakupatsa mafunso ambiri. Ine sindinaone kanthu, ndipo zimene sindinaone sindinganyamule. Ukafuna kunyamula wekha, mutu ndi wako."

Sanandiletse, sanandilolenso. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi katundu yemweyo. Masabata atatu ndinabisa kasetiyo pansi pa katoni, ndikuonetsa za kolera. Chakudya chinkandikanika. Mlongo wanga ankabwera kudzandifunsa za mtundu wa nsalu zogulira mkazi, ine n'kumayankha ndikuyang'ana pansi. Mayi uja ankanditumizira nandolo. Tsiku lina anandifunsa, "Alamu, mwaonda bwanji? Kapena simukufuna kuti ndilowe m'banja mwanu?" Anaseka, inenso ndinaseka. Ndinkaopa mbali zonse. Ndikalankhula, ndiye kuti ndadumpha amalume ndipo ndaphwanya nyumba ya mlongo wanga, mwina chifukwa cha munthu wongofanana naye. Ndikakhala chete, ndiye kuti ndalola mkazi wa mwini kukwatiwa mwamuna wake ali moyo, ine ndikudziwa. Fodya anali atayamba kale kupita ku okushoni.

Pamenepo ndinapeza njira imene ndinkaiyesa yanzeru, koma inali yamantha. Ndinaganiza kuti ndisanene kanthu, kasetiyo inene yokha. Ngati mayiyo samuzindikira, ndiye kuti ndinalakwitsa ndipo palibe amene adzadziwe. Ngati amuzindikira, palibe amene adzati ine ndadumpha mwambo, chifukwa kuonetsa makaseti inali ntchito yanga. Lachisanu ndinakumana naye pachitsime ndipo ndinati, "Alamu, mawa musaphonye. Ndapeza kanema wa oimba a kwanu. Ndi wabwino kwambiri, ndi woti muuone ndithu."

"Ine za nyimbo ndinasiya," anatero.

"Uyu yekha bwerani. Mukapanda kubwera ndidandaula."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anavomera chifukwa cha ulemu.

Loweruka chipinda chinadzaza kuposa masiku onse, popeza mbiri inali itamveka yoti lero kulibe chimbudzi. Mayi uja anakhala pamzere wachiwiri, mwana wamng'ono ali pamiyendo. Amayi ovina ataoneka, nthungululu zinamveka. Ena anaimirira n'kuyamba kuvina, ena ankatchula mayina a malo amene ankawazindikira, ena ankalira uku akuseka. Ine ndinaima pambali pa bokosi ndikumasulira. Ndinkawerenga mumtima magulu amene atsala: mdala wa bangwe, anyamata a migolo, kenako mtengo wa mango.

Mtengowo utaoneka ndinasiya kumasulira. Sindinafune kumuyang'ana mayi uja, koma maso anapita okha. Poyamba sanasunthe. Kenako anatsitsa mwana pansi pang'onopang'ono, monga mmene munthu amatulira mtsuko wodzaza. Asanalankhule, mayi wina wa mudzi wakwawo amene anakhala kumbuyo anakuwa, "Mayo! Si bambo a ana ako awo?" Chipinda chonse chinatembenukira kwa wotomeredwa wa mlongo wanga. Chimenechi sindinachiganizire: kuti m'chipindamo munalinso ena omudziwa mwamunayo, ndi kuti mayiyo adzalandira uthenga wotere maso ambirimbiri ali pa iye.

Anaimirira n'kunena, "Bwezani."

Ndinabweza. Anayandikira mpaka nkhope yake inatsala pang'ono kukhudza galasi. Nyimbo itatha anatinso, "Bwezani." Kachitatu sanayang'ane bokosi, anayang'ana ine.

"Alamu, inu mumayamba mwaonera nokha makaseti amenewa. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Munaona liti?"

Ndikanatha kunama, koma ndinati, "Papita masabata atatu."

Sanakweze mawu. "Masabata atatu mukudya nandolo wanga. Ndipo lero mwandikhazika pakati pa anthu kuti muone nkhope yanga. Nyumba yanga simuidziwa kodi?"

Anatenga mwana n'kutuluka. Jenereta inapitiriza kulira, amuna anayi aja akuimbabe.

Mawa lake m'mawa anabwera kwathu atanyamula nsalu zitatu ndi mpango zimene mlongo wanga anamugulira, zopindidwa bwino. Anakhala pamkeka osalowa m'nyumba. Anati wapita kale kwa shehe, ndipo shehe wanena kuti pamene pali chikayiko chotere ndowa iyenera kuima. "Nsaluzi zikanayenera kudzera kwa ankhoswe," anatero, "koma inu ndi amene munatsegula chitseko. Mukapereke nokha."

Ndinazinyamula pamutu mpaka kumunda kwa mlongo wanga. Nkhani inali itamufika kale. Analandira nsaluzo ndi manja awiri, monga mwa ulemu wake wa masiku onse, n'kuziika pa chitsa.

"Achemwali, mukanabwera kwa ine poyamba, mukuganiza kuti ndikanatani? Ndikanabisa mkazi wa munthu?"

"Ndinkaopa kukupwetekani, achimwene."

"Ndiye mwaona kuti ndi bwino ndimvere kwa amayi a pachigayo."

Ndinabwerera kunyumba. Amalume sananenepo kanthu za nkhaniyi mpaka imfa yawo, koma kuyambira pamenepo nkhani za banja zinkandifika zitatha kale kukambidwa. Mlongo wanga ankandilonjera pa maliro ndi pa chikondwerero cha Idi pokha.

Mayi uja anapempha kuti ndimulembere kalata yopita kwa ofufuza abale otayana, ndipo ndinalemba, ndikufotokoza za kasetiyo, mtengo wa mango ndi banjo yotembenuza. Yankho silinabwere. Ankabwera kusukulu kamodzi pamwezi, pamene kunalibe anthu, n'kundipempha kuti ndimuikire gawo lija. Sitinkalankhula zambiri. Nthawi zonse akamachoka ndinkatsala ndi funso limodzi: nanga ngati si iyeyo? Nanga ngati ndaimitsa moyo wa anthu awiri chifukwa cha mlendo wopanda mano? Mtendere utabwera ndipo malole atayamba kubweza anthu kwawo, iye anali m'gulu loyamba. Sanadzanditsanzike.

Patapita zaka zingapo ndinapita kumsika wa Chiponde kukagula nyemba. Ndikuwerama kuti ndione mulu wina, wogulitsa anati, "Alamu, zimenezo n'zofumbwa, tengani izi." Anali iye, imvi zitayamba. Ndinakhala pansi pambali pake osaitanidwa. Ndinalephera kufunsa, koma anandiuza yekha.

Woimba wa m'kanema uja anali mwamuna wake ndithu. Anagwa panjira paja monga ananenera amboni, koma sanafe. Anakakhala kutauni ina yakutali, akuimba m'misika, akukhulupirira kuti mkazi ndi ana anaphedwa mudzi utawotchedwa. Mayiyo anafufuza mpaka anapeza mmodzi mwa amuna atatu ena aja a pansi pa mango. Ameneyo ndiye anamuuza kuti mwamunayo anamwalira ndi chifuwa miyezi yochepa malole asanayambe kuyenda, ndipo anatengera mayiyo kukaona manda ake.

"Ndiye kuti pa tsiku limene tinaika la ndowa anali moyo," ndinatero.

"Anali moyo. Ndinakhalanso eda kachiwiri. Koma ulendo uno ndinaona manda ndi maso anga, ndipo ana anaponyapo dothi."

Ndinapepesa chifukwa cha chipinda chija. Anandithirira nyemba m'thumba, n'kuwonjezera dzanja limodzi la basela. "Kuonako munaona bwino," anatero. "Kunenako ndi kumene munalephera."

Pobwerera sindinapite kunyumba. Ndinatsikira kwa mlongo wanga, amene pa nthawiyo anali atakwatira mkazi wina, ndipo ndinamupempha kuti tikhale awiri kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuuza zonse ndi pakamwa panga, kuyambira pa nyemba mpaka pa manda, osasiya kanthu. Anamvetsera uku akusenda chimanga.

"Kasetiyo ine sindinaionepo," anatero pomaliza. "Kodi munthuyo ankaimba bwino?"

"Ankaimba bwino kwambiri, achimwene."

Anagwedeza mutu, kenako anaitana mkazi wake kuti andiyalire mkeka pakhonde ndi kunditengera madzi osamba m'manja.