Malaya a Nsalu Imodzi

Ndinaganiza zopita ku Joni sabata yomwe ndinaona kuti dzina langa palibe pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite. Nandolo chaka chimenecho anagulidwa motchipa pa Migowi, ndipo mayi anga sakanatha kundilipirira koleji ina iliyonse. Ndinakapempha chilolezo kwa amalume, mlongo wawo wa mayi, popeza ndiwo mwini mbumba kwathu. Anavomera, nati, "Pita mphwanga, koma usakaiwale kuti wasiya mwana wa eni." Ankanena Esinati, yemwe ndinali nditamufunsira kale mbeta, ndipo ankhoswe anga anali iwo omwe.

Ntchito ndinakaipeza ku Cape Town, yosamalira maluwa ndi kusesa pa nyumba ya azungu awiri, a Pita ndi a Yohani. Panapita mwezi ndisanazindikire kuti sanali pachibale. Ndinavutika mumtima, chifukwa ndinakulira mu mpingo, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndimamvetsa moyo wawo. Koma malipiro sankachedwa, ndipo nditadwala chibayo a Yohani anandinyamula okha kupita nane kuchipatala. Ndinkakhala m'kachipinda kuseri kwa galaja. Lamulungu lililonse ndinkamvetsera mauthenga a Esinati pafoni mobwerezabwereza, kufikira nditaloweza ngakhale kulira kwa nkhuku za kwawo.

M'chaka chachiwiri mabwana anga anandiuza kuti akumanga ukwati, pakuti lamulo la kumeneko limalola. A Pita ankasirira malaya anga achitenje, ndipo anapempha kuti ndiwapezere nsalu ya kwathu. Ndinawaimbira amalume n'kuwafotokozera zonse, osabisa kanthu. Anaseka kwambiri.

"Za azungu n'zawo zimenezo. Iwe bola ntchito. Ukufuna yamtundu wanji?"

Anakagula okha nsaluyo pamsika wa Migowi, yobiriwira, n'kuipatsira dalaivala wa basi. Telala wina wa ku Mangochi, yemwe ankakhala ku Cape Town komweko, anasoka malaya a akwatiwo, ndipo yotsala anandisokera ine. Sindinaganize n'komwe kuti kwathu anthu awiri akaima pamodzi atavala nsalu imodzi, aliyense amati ndi chinkhoswe. Tinajambulitsa atatu, ine ndili kumapeto, ndipo chithunzicho ndinatumizira amalume okha, kuti aone kuti katundu wawo anafika.

Patapita miyezi ingapo, kwathu kunayamba misonkhano yokopa anthu. Mtsogoleri wa chipani china chachikulu analankhula zotsutsa maukwati a amuna okhaokha. Kutsutsako sikunandidabwitse, poti ambiri kwathu amatsutsa, koma iye anatukwana ndi kuopseza, anthu akuwomba m'manja. Kanema wa msonkhanowo anafika mpaka m'nyuzi za ku Cape Town. Amalawi timatchuka kuti ndife ofatsa ndi okhulupirika, ndipo mbiri imeneyo ndiyo imatipezera ntchito. Mwezi umenewo mnzanga wina wofuna ntchito anabwezedwa pageti atangotchula dziko lake. A Pita, omwe ankafunitsitsa kudzakwera phiri la Mulanje, anandipeza ndikuthirira maluwa.

"Kodi titabwera kwanu, anthu aja angatichite chiyani?"

Ndinayankha kuti andale amangolankhula, koma anthu akumudzi kwathu ndi aulemu, sangachitire mlendo choipa. Ndinanena zimenezo ndi mtima wonse.

Ndinabwerera nditasunga zokwanira kuyamba koleji ya uphunzitsi komanso kuchita chinkhoswe. Nditatsika minibasi pa Migowi, bambo wa kabaza anandiyang'anitsitsa akumanga chikwama changa.

"Achimwene, si inu a pachithunzi paja? Amuna anu mwawasiya kuti?"

Ndinayesa nthabwala chabe, mpaka anatulutsa foni. Chinali chithunzi chomwe chija, koma a Yohani atadulidwamo. Tinatsala awiri, ine ndi a Pita, malaya ofanana. Anandiuza kuti amalume tsopano ndi wapampando wa chipani chija m'dera lathu, ndipo pamsonkhano uliwonse amakweza chithunzicho m'mwamba, kuuza anthu kuti akavotera mbali inayo ana awo adzatha chomwechi, monga anathera mphwawo weniweni, yemwe wakwatiwa ndi mzungu.

Sindinafikire kwa mayi. Amalume ndinawapeza pakhonde akugawa nsalu za chipani kwa amayi ovina. Anandilandira mwansangala ngati palibe chinachitika. Amayiwo atachoka ndinawafunsa chifukwa chake ananama, chikhalirecho nsaluyo anagula ndi manja awo.

"Ndale zimenezo, mphwanga, usazitengere kumtima. Anthu safuna nkhani yakutali, amafuna nkhope yoidziwa. Loweruka udzaime pamsonkhano, udzanene kuti unasochera koma walapa. Akakuwombera m'manja, nkhani yatha, ine n'kupita kwa Esinati kukamaliza zathu."

Ndinakana. Kulapa tchimo lomwe sindinachite kukanakhala kuvomera bodza lawo, ndiponso kunamizira anthu omwe sanandilakwire. Iwo anangoti ndiye ndidzifunire nkhoswe ina. Mayi anga analira, koma anandipempha kuti ndisakangane ndi mlongo wawo pagulu.

Esinati anaona chithunzi chonse pafoni yanga, ndipo anati sanakayikepo. Koma anali atasiya kupita ku kwaya chifukwa anzake ankamufunsa ngati iye adzakhale mkazi wamkulu kapena wamng'ono. Akwawo anali ataimitsa chinkhoswe, choncho ndinalimba mtima n'kupita ndekha kwa amalume ake, chinthu chosayenera pamwambo wathu. Anandipatsa mpando, namvetsera mpaka ndinamaliza. Chithunzicho anakana kuchiona.

"Bweza foni yako, mwanawe. Palibe m'mudzi muno amene anakhulupirira zimenezo. Ngakhale mayi amene anawagulitsa amalume ako nsaluyo amadziwa."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji palibe anatsutsa, ndipo bwanji akuimitsa chinkhoswe.

"Mayina a olandira fetereza chaka chino akudutsa m'manja mwa amalume ako. Ukufuna ine ndiime pabwalo n'kunena kuti ndi abodza?"

Ndikulemba izi ndili m'chaka chachiwiri kukoleji. Esinati anakwatiwa ndi mwamuna wina ku Chiringa chaka chomwecho, mvula isanagwe. Ndili kunja ndinkachita manyazi ndi mtsogoleri mmodzi, ndipo ndinkateteza anthu akwathu pamaso pa alendo, poganiza kuti akanadziwa zoona akanachita zachilungamo. Zoonazo ankazidziwa onse, kuyambira wogulitsa nsalu mpaka mayi anga ondibereka. Feterezayo analandira matumba awiriawiri.