Nthambi za Mango Zinali za Maliro

Pa siteji ya njinga zamoto pa boma la Chitipa amafotokoza kuti ine ndinatsogolera zionetsero. Amati ndinaima pamaso pa apolisi nditagwira chibonga cha bulugamu, ndipo m'bokosi limene tinanyamula munali miyala. Ena amandiimitsa panjira kuti andigwire chanza. Ndatopa kuwakonza mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba. Ndinagwira ntchito ya zankhalango ku Mughese mpaka kupuma, ndipo ngakhale maso afooka, sindingasokoneze bulugamu ndi mango. Zinali nthambi za mango. M'bokosimo munali mkazi wanga.

Iye ankagulitsa nyemba za ku Misuku pamsika wa pa boma, pa benchi yoyandikana ndi mpopi. Pambali pake pankakhala mnzake wogulitsa tomato, mayi wa ku Mulanje amene anabwera kuno ndi mwamuna wake mphunzitsi, n'kukhazikika. Awiriwa ankasekana tsiku lonse, wina kunyoza Chitumbuka cha mnzake, winayo kunyoza Chichewa cha mnzake, koma mmodzi akadwala, winayo ndiye ankamugulitsira katundu.

Matenda atakula, tili m'chipatala, mkazi wanga anandikoka malaya.

"Adada, mundimve bwino. Ndikapita musadzandiponye pa lole ngati thumba la nyemba lothamangira kumalire. Mudzandiyendetse wapansi. Ndidzadutse pamsika, anzanga adzandiimbire. Ndaperekeza anthu ambiri ine, mapazi awa ndi mboni."

"Mukukamba za imfa pamene nyemba zanu zikufumbwa m'nyumba?" ndinatero.

"Musazembe. Munapita kusekondale inu, mawu okhotakhota mumawadziwa. Nenani kuti inde."

Ndinanena kuti inde. Sanapemphe bokosi lokongola kapena chiliza. Anapempha ulendo umodzi wokha, wochoka kunyumba ya chisoni ya pachipatala, kudutsa pamsika, kukafika kumudzi kwathu kumene sikuli kutali ndi boma.

Sabata imene anamwalira, alimi a ku Nthalire pamodzi ndi achinyamata a pa boma anali atakonza zoyenda pamsewu kukadandaula za msewu wawo, umene nthawi ya mvula umasanduka phala, odwala n'kumafera m'njira. Apa ndiyenera kukonzanso zimene anthu amanena, zakuti anawakaniza chilolezo. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake ndi kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Lamulo lina limati okonza zionetsero adziwitse akuluakulu a boma nthawi ikadalipo. Kudziwitsa si kupempha. Alimiwo anadziwitsa, koma anayankhidwa kuti ayambe adikira chifukwa cha chitetezo, ndipo kudikira kwake kunalibe tsiku lothera. Achinyamata anati ayenda basi. Apolisi owonjezera anabwera kuchokera kumaboma ena, ndipo tsiku limene anthuwo anasankha linagwa pa tsiku la maliro athu.

Mlamu wanga, mchimwene wa malemu, anandichenjeza tili pasiwa. Anati tipeze galimoto, tidzere njira ya kuseri. Ndinakana. Ndinamuuza kuti maliro si zionetsero, ndipo palibe Mmalawi, kaya wa ku Nsanje kaya wa kuno, amene sadziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Mpaka lero ndikunena kuti mawu anga anali oona.

M'mawa mwake tinathyola nthambi pa mtengo wa mango umene mkazi wanga anadzala pabwalo pathu. Zina tinaziyala pamsewu pafupi ndi mudzi monga mwa mwambo, kuti oyendetsa magalimoto achepetse liwiro. Zina anazinyamula amuna amene ankayenda patsogolo, kuti aziimitsa maminibasi. Pambuyo pawo panali bokosi pamapewa a anthu a mumpingo, kenako ine ndi mlamu wanga, kenako amayi a mumpingo atavala zoyera, akuimba nyimbo imene malemu ankakonda kuitsogolera pa maliro a anzake. Anthu a njinga ankatsika n'kuima pambali. Wamalonda wina wa ku Tanzania anavula chipewa n'kupepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, baba." Mpaka pamenepo zonse zinkayenda monga malemu anafunira.

Denga la msika linali litayamba kuoneka pamene tinapeza galimoto la apolisi litapingasa pamsewu. Mkulu wawo, bambo wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula Chichewa cha m'chigawo chakummwera, anatukula dzanja. Amayi anatsitsa mawu koma sanaleke kuimba.

"Mtsogoleri wa gulu ili ndani?" anafunsa.

"Mtsogoleri ali m'bokosimo, bwana. Ife tikungomutsatira."

A pa siteji amaseka akafika pa mawu amenewa, amati ndinamuyankha mwachipongwe. Sichinali chipongwe. Ulendowo unali wa mkazi wanga, ndiye anaukonza.

"Madala, lero pamsewu uno sipadutsa gulu. Munadziwitsa ku ofesi?"

"Ifenso imfa sinatidziwitse, bwana. Ndipo lamulo limene mukunenalo ndinaliwerenga. Ndi la zionetsero."

"Nanga masambawa?"

"Kwanu maliro mumawazindikiritsa ndi chiyani?"

Anayang'ana nthambizo. Kenako anati, "Musandiphunzitse mwambo, madala, ndinabadwira m'mudzi. Koma masiku ano a zionetsero nawonso amanyamula masamba. Kumzinda kumene ndachokera ananyamula bokosi ngati lomweli, akulira ndithu, m'kati muli zikwangwani zokhazokha. Ndingadziwe bwanji ine?"

Mayi wa tomato uja anatuluka pamzere wa amayi, chitenje chili m'chiuno.

"Achimwene, ndine wa kwanu komweko ine. Mundiyang'ane. Maso awa atupa chifukwa cha zikwangwani? Uyu ndi mnzanga wa pa benchi, benchi yake ndi iyo apo, mukutha kuiona."

"Mayi, sindikukana. Koma ndauzidwa kuti ndione ndi maso."

Mlamu wanga anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti tibwerere. Ndinayang'ana msika. Amayi ogulitsa anali atatuluka kale m'mabenchi mwawo, ataima m'mbali mwa msewu kudikira mnzawo. Ndinauza onyamula kuti atsitse bokosi. Tinayala zitenje pafumbi, ndipo ndinatsegula ndekha kachitseko ka kumutu. Amene amati apolisi anathyola bokosi akunama. Ndinatsegula ndine, ndi manja awa, chifukwa ndinaganiza kuti ndi njira yokhayo yomufikitsira pa benchi yake. Nkhope imene amayi anaisambitsa ndi kuikonza m'nyumba ya chisoni inaonekera padzuwa, pakati pa msewu, pamaso pa anthu osamudziwa.

Wapolisiyo anavula chipewa. "Pepani, madala. Pepani kwambiri," anatero, ndipo anatembenuka n'kukodola dalaivala wake kuti asunthe galimoto. Izi ndinaziona, ndipo ndidzazinena ngakhale ena sakonda kuzimva.

Koma pamene tinkakambirana, achinyamata amene anabalalitsidwa m'mawa kumtunda kwa boma anali ataona gulu ndi masamba. Anabwera mothamanga n'kuima pambuyo pa amayi, nawonso ali ndi nthambi zawo, ndipo anayambitsa nyimbo yawo ya msewu wa ku Nthalire, imene inameza ya amayi. Sindiwada. Msewuwo ndinayendapo, ndipo dandaulo lawo ndi loona. Akanapatsidwa tsiku lawo ndi njira yawo, sakanafuna kubisala kumbuyo kwa maliro a munthu. Ndinakuwa m'Chitumbuka, ndinakuwa m'Chichewa, kuti awa ndi maliro, koma mawu a nkhalamba sanapite patali. Sindinaone mwala uliwonse, ngakhale ena amati unaponyedwa. Ndinangomva kuphulika, ndipo utsi wokhetsa misozi unagwa pakati pa amayi ovala zoyera.

Nyimbo inadukira pakati pa mzere. Amayi anathawa akutsokomola, ena nsapato zili m'manja. Amsika anathawira m'kati. Ine ndinagwada n'kuphimba kachitseko kaja ndi jekete langa, chifukwa maso sankaona potsekera, ndipo maganizo anga onse anali akuti utsi usamulowe. Munthu wophunzira ndithu, kuopa kuti wakufa atsamwa.

Utsi utachepa tinatsala anthu owerengeka. Wamalonda wina amene lole yake inaima pafupi, itadzaza matumba a chimanga, anatichitira chifundo. Tinakweza bokosi pamwamba pa matumbawo, ndipo mkulu wa apolisi uja anagwira nawo mbali imodzi, misozi ikutsika ngati tonsefe. Lole inatembenuka, inadzera njira ya kuseri, ndipo dalaivala anathamanga poopa kuti zinthu ziyambiranso. Ndinakhala pa thumba, ndikugwira bokosi kuti lisatsetsereke. Nthambi zimene tinayala pafupi ndi mudzi tinaziponda osachepetsa liwiro.

Tinamuika madzulo a tsiku lomwelo. Mlamu wanga sananenepo kuti anandichenjeza, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Mvula itatha chaka chimenecho, ndinathyola nthambi imodzi pa mango uja, ndinavala jekete lomwe lija, n'kupita pachipata cha chipatala. Ndinali nditaganiza bwino. Munthu mmodzi si gulu, ndipo palibe ofesi imene ayenera kuidziwitsa kuti akuyenda. Ndinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, monga amayendera onyamula bokosi. A njinga zamoto anandiimbira mluzu. "Adada a zionetsero! Lero tikugwetsa ndani?"

Nditalowa mumsika, mayi wa tomato anandiona, anaona nthambiyo, ndipo anaimirira. Anayamba nyimbo ija pa mzere womwe inadukira. Amayi ena anaimirira, aliyense pa benchi yake, osasuntha phazi, n'kuilandira. Ogula anaima ndi majumbo awo m'manja.

Pa benchi ya mkazi wanga panali mtsikana wogulitsa anyezi, amene sankandidziwa. Anasuntha milu yake mwaulemu, ndipo ndinaika nthambiyo pamenepo.

"Wafika tsopano mnzanga," anatero mayi wa tomato, akupukuta m'maso. "Mtima ukhale pansi, bambo."

Ndinamuthokoza, chifukwa ananena ndi mtima wabwino, ndipo aka kanali koyamba kuti ndisiye mawu olakwika osawakonza. Koma pano ndikulemba zoona zokhazokha. Amene anadutsa pamsika tsiku limenelo ndine. Mkazi wanga anapita pa lole, pamwamba pa matumba, njira ya kuseri, ine nditamuuza kuti inde.