Ndevu za Lazarous

Anzanga, Philomena ndinakumana naye pa shopu ya ba Kasoma ku Kamwala, komwe ndimapanga tidoli ta 3D ta ma advert. Mu Lusaka yonse palibe wondiposa, kafunseni.

Analowa akununkhira mpaka kompyuta inachita hang.

"Ndimwe ba Wilbroad bamene muvinitsa vidoli?"

"Ndine. Olo mtembo ningauvinitse."

Anaseka... ine basi, kugweratu!

Posakhalitsa tinali kudya chips mbale imodzi. Amalume anga a ku komboni ya George ndinawauziratu kuti achape jekete, tikagogode kwawo kwa mtsikanayu.

Tsiku lina Philomena akuti, "Sweetie, cousin wanga Ketty akwatiwa. Tipangireko mkwati na mkwatibwi bovina, tikaonetse pa reception."

Ndinayamba ndi tidoli tiwiri tongoyenda, touma ngati asilikali. Pamwamba pake ndinayamba kusanjika ma leya. Leya iliyonse imawonjezera kachitidwe kamodzi osaononga vapansi, ndipo ukaizimitsa kachitidweko kamasowa.

Va mkwatibwi anandivinira Philomena yekha, akuti Ketty ndi wamanyazi. Chiuno leya yake, mapewa leya yake.

"Nanga mkwati?" ndinafunsa.

"Ba Lazarous batsimphina pang'ono kumanzere. Bakaseka bakanda ndevu na kachala kang'ono."

"Ubadziwa bwino balamu bako, ka!"

"Iwe, ika chabe."

Ndinaika. Mwendo uja ndinaukonza mpaka maso psuu, kutsimphinako ndinkachita kukulota.

Ndiye Lachiwiri lina ndili pa msika wa Matero, kutsogolo kwanga kukuyenda bambo wotsimphina kumanzere, ndendende! Ndinati mayo, kadoli kanga kathawa mu kompyuta. Bamboyo anaseka, kachala kang'ono kulunjika ku ndevu.

Ndinathamanga kuti ndikapereke moni kwa mkwati wa Ketty...

Womuseketsayo anali Philomena. Mkono wina m'chiuno mwa bamboyo, wina wanyamula diresi loyera mu pulasitiki.

Mawa lake anabwera ku shopu, nkhope youma gwa.

"Yasila video?"

"Ketty ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Avala size yako?"



"Wilbroad, usayambe drama. Lazarous ali na nyumba na minibus. Iwe uli na mouse."

"Njoka iwe! Unanivinira chiuno cha ukwati wako pamaso panga, ine nikuombera m'manja?"

"Ukwati ni pa Saturday. Pa ma card tinalemba kale kuti kuzankhala cartoon. Nipatse!"

"Nkhala pansi, uone."

Ndinayamba kuzimitsa ma leya iye akuona. Chiuno, thii! Mapewa, thii! Mkwatibwi anauma ngati pole ya magetsi. Ya ndevu yokha ndinaisiya, n'kuikweza mphamvu mpaka kumapeto. Mkwati anayamba kudzikanda ngati nsabwe za mu komboni yonse ya Chunga zasamukira pachibwano pake.

"Iyi nikupatsa mahala. Bakakande pa reception."

"Ndiwe galu!"

"Galu wa mouse. Choka!"

Anamenyetsa chitseko mpaka ba Kasoma anataya tiyi.

Loweruka magalimoto a ukwati anadutsa akuliza mahutala. Ine, katswiri wa Lusaka yonse, ndinabisala kuseri kwa monitor. Misozi inadzaza keyboard, mpaka lero space bar imakakamira.

Anzanga, mkazi akamadziwa chala chimene mwamuna wina amakandira ndevu, si mlamu wake ameneyo.